Tifunse kaye fumbi tisanaweruze

Aliyense amene adalowapo m'chigayo amadziwa kuti munthu satulukamo wopanda chizindikiro. Ungasase zovala, ungapukute nkhope, koma ufa umatsalira m'tsitsi, m'makutu ndi m'misoko ya malaya. Nyumba ya chigayoyo nayonso imasunga mbiri yake. Mwini wake akhoza kulumbira kuti chiyambireni amagaya chimanga chokha, koma munthu wodziwa atakwera n'kupala fumbi la pamitanda ya denga, akhoza kupezamo ufa wa makaka n'kunena kuti pano padagayidwapo chinangwa.

Tayamba ndi chigayo chifukwa lero tikufuna kukamba za fumbi la mtundu wina, limene lakhala likugwedeza maiko. Kwa zaka zoposa 20 tsopano, sipapita nthawi yaitali tisanamve pawailesi za dziko la Iran, za zida za nyukiliya ndi za oyendera a bungwe la International Atomic Energy Agency, limene ambiri amalidziwa ndi dzina lachidule la IAEA. Nkhanizi zikafika pakhonde la mzikiti ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, timagawikana pawiri. Ena amati zonsezi ndi mabodza ongopekera maiko a Chisilamu. Ena amameza chilichonse chimene amva pawailesi zakunja. Koma ndi ochepa mwa ife amene adafunsapo kuti: kodi oyenderawo akamati apeza umboni, umboniwo ndi chiyani, ndipo amaupeza motani? Ife tikuti munthu asanasankhe mbali, ayenera kudziwa yankho la funso limeneli.

Bungwe la IAEA lidakhazikitsidwa mu 1957 ndipo likulu lake lili ku Vienna m'dziko la Austria. Malinga ndi pangano loletsa kufala kwa zida za nyukiliya, limene lidayamba kugwira ntchito mu 1970, dziko lopanda zidazi limalonjeza kuti silidzapanga bomba, ndipo limalola oyendera kudzaona kuti yureniyamu wake akugwira ntchito zamtendere zokha. Poyamba oyenderawa ankangowerengera katundu amene dziko lawaonetsa, n'kuyerekeza ndi zolembedwa m'mabuku. Kufooka kwa njirayi kudaonekera mu 1991, nkhondo ya ku Gulf itatha, pamene zidadziwika kuti boma la Saddam Hussein ku Iraq linali ndi ntchito yachinsinsi yofuna kupanga bomba, ndipo mbali ina ya ntchitoyo inkachitikira pafupi ndi nyumba zimene oyendera ankalowamo. Kuchokera pamenepo bungweli lidayamba kufunafuna mboni imene munthu sangaiphunzitse zokanena, ndipo zaka za m'ma 1990 zisanathe lidali litayamba kutola fumbi.

Chida chotolera fumbilo munthu akhoza kuchiderera: ndi kansalu koyera ka thonje, ka masentimita 10 m'litali ndi m'lifupi momwe. Kamakonzedwa m'chipinda chaukhondo wapadera ku Seibersdorf, kunja kwa mzinda wa Vienna, n'kutsekeredwa m'timatumba ta pulasitiki. Oyendera amagwira ntchito awiriawiri atavala magolovesi. Mmodzi amapukuta khoma, paipi kapena potulukira mpweya, winayo amangogwira timatumba toyera, kuopa kuti fumbi la kwina lingadetse umboni. Tinsaluto timapatsidwa manambala m'malo mwa dzina la dziko, ndipo timagawidwa kumalabotale angapo a m'maiko osiyanasiyana. Katswiri amene akuyeza sauzidwa kuti fumbi lili pamaso pake lachokera kuti, ndipo zimene wapeza zimayerekezedwa ndi za anzake.

Nanga m'fumbimo amafunamo chiyani? Yureniyamu ndi chitsulo cholemera chimene chimapezeka m'miyala. Maatomu ake, ndiye kuti tizigawo take tochepetsetsa, ndi a banja limodzi koma salemera mofanana. Mwa maatomu 1,000 alionse a yureniyamu wokumbidwa m'nthaka, pafupifupi 993 ndi a mtundu wolemererapo wotchedwa 238, ndipo 7 okha ndi a mtundu wopepukirapo wa 235. Wa 235 ameneyu ndiye amasweka mosavuta n'kutulutsa mphamvu. Muyesowu ndi umodzi pafupifupi kulikonse padziko lapansi, kaya mwalawo wachokera ku Niger, ku Canada kapena ku Karonga. Choncho wa 235 akapezeka wochuluka kuposa apa, ndiye kuti dzanja la munthu lagwirapo. Ng'anjo zambiri za nyukiliya zopangira magetsi zimafuna kuti wa 235 afike pa 3 mpaka 5 mwa 100 alionse. Akafika pa 20 amati wayengedwa kwambiri, ndipo wa bomba amakhala cha m'ma 90.

Poyenga, yureniyamu amayamba wasandutsidwa mpweya, kenako n'kupititsidwa m'makina ozungulira mwaliwiro otchedwa centrifuge, amene amapatula wopepuka kwa wolemera. Mpweyawo ukangothawa pang'ono polumikiza mapaipi, umakumana ndi chinyontho cha m'chipindamo n'kuundana kukhala timibulu ting'onoting'ono timene timatera paliponse, monga ufa m'chigayo muja. Timibuluti ndi tating'ono kotero kuti 1,000 titandandalikana pamzere tingakwane milimita imodzi yokha. Komabe m'kambulu kamodzi muli maatomu osawerengeka ndi mutu wa munthu, ndipo amasunga muyeso weniweni wa yureniyamu amene ankayengedwa tsiku limenelo.

Makina owerengera muyesowo amatchedwa mass spectrometer, ndipo ife tingawatche sikelo ya maatomu. Amayamba athothola maatomu a pakambulu kaja, mwina pokawomba ndi kamtsinje kopyapyala ka maatomu ena okhala ndi magetsi, mwina pokatenthetsa pakawaya. Akatero amawathamangitsa ndi mphamvu ya magetsi kuti adutse pakati pa maginito aakulu. Msodzi aliyense wa panyanja pano amadziwa kuti mphepo ikamaomba cham'mbali, bwato lopanda katundu limakhotetsedwa msanga, pamene lodzaza ndi usipa limalimbikira njira yake. Ndi momwenso zimakhalira m'makinamo: maginito amakhotetsa kwambiri maatomu opepuka a 235 kuposa olemera a 238, motero mtundu uliwonse umakatera pamalo pake n'kuwerengedwa. Makinawa amaonanso mtundu wa 236, umene m'chilengedwe umapezeka mwa apo ndi apo kwambiri. Ukaoneka wochulukirapo, ndi chizindikiro chakuti yureniyamuyo adalowapo m'ng'anjo ya nyukiliya. Nzeruyi si yalero. Francis Aston wa ku England adapanga makina ake olekanitsa maatomu potsata kulemera mu 1919, ndipo Arthur Dempster adatulukira yureniyamu wa 235 mu 1935 pogwiritsa ntchito makina a mtundu womwewo. Chatsopano n'chakuti a masiku ano amatha kusanthula timibulu tambirimbiri ta fumbi wamba n'kupezamo kamodzi kamene kali ndi nkhani.

Tsono tione mmene mboni imeneyi yakhala ikulankhulira. Mu 2003 oyendera adapempha kukatola fumbi pamalo a kampani ya Kalaye Electric mumzinda wa Tehran. Chilolezo chidachedwa kwa miyezi, ndipo pamene amaloledwa mu Ogasiti adapeza kuti nyumbazo zasinthidwa kwambiri m'kati. Ngakhale zinali choncho, kansalu kaja kadatola timibulu ta yureniyamu woyengedwa. Mu Okutobala chaka chomwecho, Iran idavomera kuti idayesapo makina ake oyengera pamalopo osauza bungweli. Apa fumbi lidatsutsa dziko la Chisilamu, ndipo palibe chifukwa chobisira.

Koma nkhani siyidathere pomwepo. Timibulu tina topezeka ku Kalaye ndi ku Natanz tinali toyengedwa kwambiri, ndipo ambiri adafuula kuti umenewu ndi umboni wa bomba. Iran idati fumbilo lidabwera litamatirira pazipangizo zakale zogulidwa kunja, zimene pambuyo pake zidadziwika kuti zidachokera kugulu la Abdul Qadeer Khan wa ku Pakistan. Mu 2005 Pakistan idapereka zina mwa zipangizo zake kuti ziyezedwe, ndipo zotsatira zidagwirizana ndi zonena za Iran pagawo lalikulu la fumbilo. Mboni imene idatsutsa mu 2003 ndi yomweyo imene idaikira kumbuyo mu 2005. Mu Januwale 2023 timibulu tofika pa 83.7 mwa 100 tidapezeka ku Fordow, kumene Iran idanena kuti ikuyenga mpaka pa 60. Iran idati muyesowo udakwera mosayembekezeka pokonza makina, ndipo oyendera atafufuzanso adati zimene apeza sizikutsutsana ndi kufotokozako. Komabe za timibulu tina, monga tija tidapezeka mu 2019 panyumba yosungiramo katundu ku Turquzabad, bungweli lakhala likunena kuti silidalandire yankho lokhutiritsa.

Pamene oyendera sadamveredwe, mitengo yake yakhala yowawa. Pa 7 Malichi 2003, Mohamed ElBaradei wa ku Egypt, amene anali mkulu wa IAEA, adauza khonsolo yoona za chitetezo ya United Nations kuti anthu ake sadapeze umboni woti Iraq yayambiranso ntchito ya bomba, ndiponso kuti makalata onena kuti Iraq inkafuna kugula yureniyamu ku Niger anali achinyengo. Oyenderawo ankafuna miyezi yochepa kuti amalize ntchito. Pasanathe masabata awiri nkhondo idabuka, ndipo zida zimene zinkanenedwazo sizidapezeke. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Amasiye a ku Baghdad, Basra ndi Fallujah ndiwo adalipira mlandu wozengedwa ndi nkhani zakumva.

Ku Syria zinthu zidayenda mwina. Mu Sepitembala 2007 ndege za Israel zidaphulitsa nyumba ina m'chipululu cha Dair Alzour. Boma la Syria lidasalaza malowo n'kumangapo nyumba ina. Oyendera adafika mu Juni 2008, patapita miyezi isanu ndi inayi, ndipo kansalu kadatolabe timibulu ta yureniyamu wosayengedwa koma wokonzedwa ndi manja a anthu. Syria idati tidachokera kumizinga ya Israel, koma zoyeza sizidagwirizane ndi zimenezo. Mu 2011 bungweli lidanena kuti n'zotheka kwambiri kuti nyumbayo inali ng'anjo ya nyukiliya imene inayenera kulengezedwa. Taonani kuti padapita zaka pafupifupi zinayi, ndipo mawu omaliza adangokhala akuti n'zotheka kwambiri. Oyendera akadalowa nyumbayo idakali chilili, tsiku limodzi likadakwana. Wophulitsa ndi wosalaza onse adaononga umboni.

Tisakokomeze mphamvu ya fumbi. Limanena zimene zidachitika m'nyumba, koma silinena zili mumtima mwa wolamulira. Kambulu kamodzi sikanena kuti yureniyamu wotere alipo wochuluka bwanji, ndipo kakhoza kuyenda pazipangizo kuchoka dziko lina kupita lina monga taonera. N'chifukwa chake zotsatira zimafuna kufunsa mwini wake, kuyezanso ndi kudekha. Andale akatenga nambala imodzi n'kuisandutsa ng'oma ya nkhondo, cholakwa si cha sikelo.

Dandaulo lina ndi loona, ndipo tiyenera kulinena mosapsatira. Sikeloyi siyeza onse mofanana. Maiko asanu amene panganoli limawazindikira kuti ali ndi zidazi, America, Russia, Britain, France ndi China, sakakamizidwa kutsekula malo awo opangira mabomba. India, Pakistan ndi Israel sadalowemo m'panganoli, ndipo North Korea idalengeza kuti yatulukamo mu 2003. Palibe woyendera wa IAEA amene amapukuta makoma a ng'anjo ya ku Dimona m'dziko la Israel, monganso palibe amene amapukuta a ku Kahuta m'dziko la Pakistan. Tatchula onse awiri dala, pakuti amene akudandaula za Dimona n'kukhala chete pa za Kahuta wagwa m'tsankho lomwelo limene akulidzudzula. Sikelo ya pamsika ikamayeza ufa wa osauka okha, mankhwala ake si kuiphwanya koma kuumiriza kuti ndi olemera omwe aikepo katundu wawo.

Africa ili ndi ufulu wolankhula pankhaniyi. Gawo lalikulu la yureniyamu wa mabomba oyamba a America lidakumbidwa ku Shinkolobwe m'dziko la Congo, ndipo pa 6 Ogasiti 1945 bomba la yureniyamu lidapsereza mzinda wa Hiroshima. Koma kuno komweko ndi kumene kudachokera chitsanzo chabwino. South Africa idapanga mabomba asanu ndi limodzi, idawaphwasula yokha, idalowa m'panganoli mu 1991, ndipo pulezidenti F. W. de Klerk adaulula zonse mu Malichi 1993. Oyendera adaloledwa kufufuza mpaka adakhutira. Pangano la Pelindaba, limene lidasainidwa ku Cairo mu 1996 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009, limati Africa ikhale yopanda zida za nyukiliya.

Zimene zidachitika mu Juni 2025 zikutipatsa nkhawa pachifukwa chomwechi. Israel ndi America adaphulitsa malo a nyukiliya ku Natanz, Fordow ndi Isfahan, ndipo Iran idaimitsa mgwirizano wake ndi oyendera. Nkhondoyo isanabuke, bungweli linkadziwa kuti Iran ili ndi makilogalamu oposa 400 a yureniyamu woyengedwa kufika pa 60, ndipo linkauwerengera. M'miyezi yotsatira lidalephera kutsimikiza kumene katunduyo ali. Mabomba adagumula nyumba, koma adatsekanso maso amene ankaona m'nyumbamo. Oyendera akachoka, chotsala ndi mphekesera, ndipo taona ku Iraq kumene mphekesera zimafikitsa anthu.

Ife Asilamu timaphunzitsidwa kufufuza nkhani tisanaikhulupirire, kuchitira umboni moona ngakhale utatsutsa m'bale wathu, ndi kuyeza ndi muyeso wosabera. Ngati ndi choncho, sitiyenera kuikira kumbuyo boma lililonse chifukwa chakuti olamulira ake amapemphera monga ife, ndiponso sitiyenera kuliweruza chifukwa chakuti amphamvu alinenera zoipa. Chimene tiyenera kufunsa nthawi zonse n'chakuti: kodi oyendera aloledwa kulowa, ndipo apeza chiyani? Bomba lotere likagwa silisankha wa kumzikiti kapena wa kutchalitchi, msilikali kapena khanda.

Wina angati zonsezi n'zakutali. Si zakutali ayi. Ku Kayelekera, makilomita pafupifupi 50 kuzambwe kwa tauni ya Karonga, kuli mgodi wa yureniyamu umene udatsekulidwa mu 2009, udaima mu 2014 mitengo itatsika, ndipo udayambiranso mu 2025. Chimene chimatuluka kumeneko ndi yureniyamu wosayengedwa, wa muyeso uja wa 7 mwa 1,000, amene amapakiridwa m'migolo kupita kunja. Malawi adalowa m'pangano loletsa kufala kwa zida za nyukiliya mu 1986 ndipo adakhala membala wa IAEA mu 2006. Lamulo lathu la 2011 lidakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority kuti liziyang'anira zinthu zoterezi. Mwala wa m'nthaka yathu tsopano uli m'mabuku omwewo amene akuvutitsa maiko akuluakulu, ndipo mbiri yathu yabwino yagona pa kuwerengera moona mgolo uliwonse.

Koma apa tisasokoneze zinthu ziwiri. Kansalu ka oyendera a ku Vienna kamafunsa ngati yureniyamu akupatutsidwira kubomba. Sikafunsa ngati madzi amene ana athu akumwa ali bwino. Funso lachiwirili ndi lathu. Madzi a m'dera la mgodiwo amatsikira mumtsinje wa North Rukuru, umene umathira m'nyanja imene imatidyetsa tonse, kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi. Sitikuneneza aliyense, pakuti tikatero tikhala tikuchita zomwe tadzudzula pamwambapa. Tikungoti makina a mtundu womwewo amatha kuyeza yureniyamu m'madzi, m'matope ndi m'nsomba, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidaika malire a madzi akumwa pa mamaikulogalamu 30 palita imodzi, pamene maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu. Muyeso ulipo, sikelo ilipo. Chofunika n'chakuti kuyezako kuzichitika kawirikawiri, ena oyeza akhale osadalira mwini mgodi, ndipo zotsatira zizilengezedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Kyangonde ndi m'Chiyao, kuti msodzi ndi mayi wotunga madzi azimve okha. Pamene manambala abisika, mantha ndi mabodza zimamera ngati udzu wa m'dzinja.

Kwa inu makolo a m'mphepete mwa nyanja tili ndi pempho. Sikelo ya maatomu siyidziyendetsa yokha. Imafuna anthu odziwa masamu, chemistry ndi physics, ndiponso a mtima wosagulika. Ngati ana athu sadzaphunzira kuiwerenga, tidzakhala tikumvera kwa alendo za miyala ya m'nthaka yathu ndi za madzi a m'nyanja yathu. Mwana amene amapita kumadrasa madzulo apitenso kusukulu m'mawa, mtsikana ndi mnyamata yemwe, ndipo asachotsedwe m'kalasi chifukwa usipa wagwa wambiri kudoko. ElBaradei, amene adaima pamaso pa amphamvu mu 2003 n'kunena zimene anthu ake adapeza, adalandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 2005 pamodzi ndi bungwe lake. Iyenso adayambira pabenchi ya sukulu mumzinda wa Cairo.

Choncho nkhani za nyukiliya zikadzamvekanso pawailesi, tisathamangire kukwiya kapena kuomba m'manja. Tifunse ngati zitseko zatsekulidwa, ngati fumbi latoledwa, ndi zimene sikelo yanena. Tipemphe boma lathu kuti m'misonkhano ya maiko liziima ndi oyendera pokana oponya mabomba ndi otseka zitseko omwe, lizinena kuti muyeso ukhale umodzi kwa onse, ndipo kuno kumudzi liyambe ndi kutionetsa manambala a madzi athu.